Bungwe lopanda chikwapu: mbiri ya ASRS

M'mwezi wa Okutobala 1974, ndege ya kampani ya United Airlines inatera bwinobwino pa bwalo la Dulles, chakumadzulo kwa mzinda wa Washington ku America. Okwera anatsika, kutenga katundu wawo n'kumapita osadziwa kanthu. Oyendetsa ndegeyo ndiwo anatsala ndi nthumanzi, chifukwa atatera anazindikira kuti adutsa pafupi zedi ndi nsonga ya phiri. Wowongolera ndege, mmodzi wa anthu aja amakhala pansi maso ali pa rada n'kumauza ndege iliyonse kolowera, anali atawapatsa chilolezo choyamba kutsetserekera ku bwalo. Iwo anamva ngati wawamasula kuti atsike nthawi yomweyo kufika pa mafiti 1,800. Anatsikadi, asanapitirire mapiri a Blue Ridge.

Chaka chomwecho United inali itakhazikitsa dongosolo loti wantchito wake azitha kuulula chimene chalakwika pa ulendo popanda kuopa chilango. Oyendetsa aja anaulula. Akuluakulu a kampani anafufuza, anaona kuti msamphawo ndi weniweni, ndipo analembera oyendetsa ndege awo onse kalata yowatsina khutu za njira imeneyi. Kalatayo inathera pa mpanda wa United. Panalibe ofesi yoti n'kuitenga n'kukaipereka kwa oyendetsa a makampani ena, amene tsiku lililonse ankadutsa pamwamba pa phiri lomwelo.

Patangopita masabata 6, Lamulungu pa 1 Disembala 1974, ndege ya kampani ya TWA, ulendo nambala 514, inanyamuka ku Indianapolis, kuima pang'ono ku Columbus, n'kulunjika ku Washington. Inali Boeing 727, ndipo munali anthu 92: okwera 85 ndi ogwira ntchito 7. Inkayenera kukatera pa bwalo la Washington National, koma kumeneko kunali chimphepo chowomba mopingasa msewu woterapo ndege, choncho anaipatutsira ku Dulles. Mitambo inali itaphimba mapiri, mvula ikugwa, ndege ikugwedezeka.

Nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, ndegeyo ili pa mafiti 7,000 ndipo kutatsala makilomita pafupifupi 80 kuti ifike, wowongolera anaipatsa chilolezo chotsetserekera ku msewu nambala 12. Sanatchule kuti ikhale pamwamba bwanji. Anangoti aloledwa, monga ankanenera masiku onse, ndipo oyendetsa anayamba kutsika.

Makina ojambula mawu m'chipinda cha oyendetsa anasunga zimene amuna atatu a m'chipindamo anakambirana m'mphindi zotsatira. Zimapweteka kuwerenga, chifukwa sanali anthu otayirira. Mmodzi anayang'ana pa mapu n'kuona kuti chigawo chimene ankadutsacho, asanafike pa malo otchedwa Round Hill, chalembedwa kuti ndege isatsike kupitirira mafiti 3,400. Ananena mokweza. Anzake anasuzumira nawo. Kenaka analimbitsana mtima kuti wapansi akakuloleza, ndiye kuti ukhoza kutsika mpaka pamene njira yoterera imayambira, ndipo pamenepo mapu omwewo analembapo 1,800. Kukayika kunabwera, kunamveka, kenaka kunadutsa, popanda wina kutenga maikolofoni kuti afunse.

Pa 11:09 kachipangizo koyeza kutalika kwa ndege kuchokera pansi kanalira. Kaputeni analamula kuti awonjezere mphamvu ya injini. Ndegeyo inameta mitengo n'kuwomba thanthwe kumadzulo kwa phiri la Mount Weather, pa mafiti pafupifupi 1,670, makilomita 46 kuchokera ku Dulles. Wowongolera anaitana kufunsa kuti ali pamwamba bwanji, koma wailesi inali zii. Palibe anapulumuka. Ngozi imeneyi ndi imenenso inachititsa anthu ambiri a ku America kumva koyamba kuti pansi pa phirilo boma lawo linakumba malo achinsinsi obisalamo akuluakulu kutagwa nkhondo ya mabomba a nyukiliya.

Bungwe lofufuza ngozi la National Transportation Safety Board, kapena kuti NTSB, litaitana mboni, panatuluka chinthu chodzidzimutsa. Mawu a Chingerezi akuti "cleared for approach", omwe ankanenedwa kambirimbiri tsiku lililonse pa mabwalo onse a dzikolo, analibe tanthauzo limodzi. Oyendetsa ndege ambiri ankakhulupirira kuti ukakhala pa rada ndiye kuti wowongolera akukuona, ndipo sangakuloleze kutsika pamene pali phiri osakuchenjeza. Owongolera ankati ayi: ndege ikamatsata yokha njira yake, osati kutsogoleredwa ndi iwo pang'onopang'ono, udindo wopewa mapiri ndi wa oyendetsa. Aliyense anali atasiyira mnzake. Kwa zaka zambiri mbali ziwirizi zinkalankhulana mwaulemu, kuyankhana mwachangu, n'kumaganiza kuti zamvana.

Ngakhale akuluakulu a NTSB enieniwo sanagwirizane. Ambiri anati cholakwa chachikulu chinali cha oyendetsa, potsika asanafike pa chigawo chimene mafiti 1,800 ankaloledwa. Ena anati wowongolera anayenera kutchula malire. Koma lipoti lawo linalozanso chala nthambi ya boma yoyang'anira za ndege, Federal Aviation Administration kapena kuti FAA, kuti inkadziwa kwa zaka zingapo za chisokonezo cha mawu amenewa koma osachitapo kanthu. Linadandaulanso ndi mapu, amene sanaonetse malire onse pamalo pamene woyendetsa amayang'ana kwambiri akamatsika.

Zina zinakonzedwa msanga. Lamulo linalembedwa momveka kuti ukalandira chilolezo, ukhalebe pa mafiti amene unapatsidwa komaliza mpaka utalowa m'njira yolembedwa pa mapu. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zinalamulidwa kukhala ndi makina ochenjeza nthaka ikayandikira. Makompyuta a owongolera anawonjezeredwa chenjezo lolira ndege ikatsika mopyola muyeso. Panalembedwanso buku limodzi la matanthauzo a mawu, loti oyendetsa ndi owongolera onse aziwerenga lomwelo. Koma nkhani ya kalata ya United sinkatha kukonzedwa ndi makina. Chidziwitso chimene chikanapulumutsa anthu 92 chinalipo kale, cholembedwa papepala, chitakhala m'mafailo a kampani ina.

Maganizo oti pakhale malo amodzi osonkhanitsira nkhani zoterezi sanali atsopano. Mu Novembala 1966, pa msonkhano wa za chitetezo cha ndege ku Madrid, Bobbie R. Allen, mkulu woona za chitetezo ku bungwe la boma la Civil Aeronautics Board, anayerekeza nkhani zonse za ngozi zongotsala pang'ono kuchitika ndi chimphona chogona tulo, ndipo anati chochigoneka ndi mantha: kuopa milandu, kuopa chilango. Mu 1968 FAA inayesako pang'ono. Inalonjeza kuti amene anganene kuti ndege yake inatsala pang'ono kuwombana ndi ina sadzalangidwa, ndipo malipoti anachuluka kangapo konse. Lonjezolo litachotsedwa patapita zaka zochepa, malipotiwo anaphweranso. Mlengalenga munali momwe munalili. Chimene chinasintha ndi kulimba mtima kwa anthu oti anene.

Mu Meyi 1975, miyezi isanu chichitikireni ngozi ya TWA, FAA inatsegula dongosolo lake lolandirira malipoti, n'kulonjeza kuti sidzalanga olemba. Anthu sanabwere monga inkayembekezera, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Amene amapereka laisensi ya woyendetsa ndege ndi FAA, amene amailanda ndi FAA yomweyo, ndipo owongolera ndege a ku America ndi antchito ake. Kuuza munthu kuti akaulule cholakwa chake kwa mwini chikwapu, ngakhale mwiniyo atalumbira kuti wachiika pansi, n'kupempha zambiri. FAA inachita chinthu chimene maofesi a boma sachita kawirikawiri: inavomereza kuti anthu sangaikhulupirire pa ntchito imeneyi, ndipo inakafuna wina woti aigwire m'malo mwake.

Inapita ku NASA. Anthu ambiri amaidziwa NASA chifukwa cha maulendo a kumwezi, koma kuyambira pachiyambi ntchito yake ina ndi kufufuza za ndege. Chimene chinaiyeneretsa kwambiri n'chakuti inalibe mphamvu pa wina aliyense. Sipereka laisensi, silemba malamulo a kayendedwe ka ndege, siimba munthu mlandu. Mu Ogasiti 1975 mabungwe awiriwa anasainirana mgwirizano wakuti ndalama zizichokera ku FAA koma makalata azipita ku NASA. Ntchito yokonza dongosololi inaperekedwa kwa akatswiri a NASA a ku Ames Research Center, ku Moffett Field m'chigawo cha California, motsogoleredwa ndi Dr Charles Billings. Iyeyu anali dokotala wa anthu, wodziwa za thanzi la oyendetsa ndege, ndipo ndikuganiza kuti udokotala wakewo unalowerera m'kapangidwe ka bungweli, chifukwa dokotala amadziwa kuti wodwala amene akuopa kudzudzulidwa amabisa matenda. Ntchito ya tsiku ndi tsiku anaipereka ku bungwe lofufuza la Battelle. Pa 15 Epulo 1976, Aviation Safety Reporting System, mwachidule ASRS, inayamba kulandira makalata.

Mtima wonse wa bungweli unali pa kapepala kamodzi. Fomu yake inali ndi kachigawo kopingasa pamwamba pomwe wolemba ankaikapo dzina, adiresi ndi nambala ya foni. M'munsi mwake munali mabokosi ochonga ndi malo aakulu olembapo nkhani yonse m'mawu ake ake: chinachitika n'chiyani, iye ankaganiza chiyani panthawiyo, anazindikira bwanji, akuona kuti chingakonzedwe bwanji. Fomu ikafika ku Moffett Field, ankaiwerenga ndi anthu amene anagwirapo ntchito yomweyo kwa zaka zambiri, makaputeni ndi owongolera opuma, ndipo pambuyo pake amakaniko ndi othandiza okwera m'ndege anawonjezeredwa. Pakakhala posamveka ankamuimbira foni mwini wake. Akakhutira, ankadinda tsiku pa kachigawo ka pamwamba kaja, kukadula, n'kukatumiza kwa mwini wake pa positi. Dzina linkabwerera kwa mwini. Nkhani yokha ndiyo inkatsala, itachotsedwa chilichonse chimene chikanaulula munthu, kampani kapena nambala ya ulendo. Kuyambira 2006 malipoti amatumizidwanso pa intaneti, koma mwambo wobweza dzina ulipobe. Bungweli limanena monyadira kuti pa zaka zonsezi silinaululepo dzina la wolemba ngakhale mmodzi, ndipo ngati pali chuma chimene lili nacho, n'chimenechi.

Kapepala kobwerera kaja kanalinso risiti. Wolemba akadzaimbidwa mlandu ndi FAA pa nkhani yomweyo, itamva kuchokera kwina, ankatha kukatulutsa, ndipo chilango chinkakhululukidwa. Apa m'pamene panabuka mkangano woyamba waukulu. Mu 1979 mkulu wa FAA, Langhorne Bond, anafuna kuchotsa chitetezochi poona kuti ena akuchisandutsa pobisalira. Oyendetsa ndege ndi mabungwe awo anakana kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyo inatha ndi kugwirizana pakatikati: chitetezo chikhalepo, koma chokhala ndi malire. Masiku ano lipoti liyenera kutumizidwa pasanathe masiku 10. Cholakwacho chikhale changozi, osati chadala. Chisakhale mlandu waupandu kapena ngozi yeniyeni, chifukwa zimenezo zili ndi eni ake. Ndipo wolembayo asakhale kuti anapezekapo wolakwa m'zaka 5 zapitazo. FAA ikhoza kulembabe kuti munthuyo anaphwanya lamulo, koma simulipiritsa chindapusa kapena kumuimitsa ntchito.

Mpaka lero alipo amene amanyoza kuti oyendetsa ambiri amalemba "lipoti la NASA", monga amalitchulira, pofuna kudziteteza basi. Zoona zilimo. Koma ine sindiona vuto lalikulu pamenepo. Munthu amene wakhala pansi usiku mu hotela, mtima uli m'mwamba poopa laisensi yake, n'kulemba mwatsatanetsatane momwe anamvera molakwa nambala ya msewu woterapo, wasiya chidziwitso chomwecho chimene akanasiya wolemba chifukwa chokonda anzake. Woyendetsa wa kampani ina amene adzawerenge nkhaniyo sadzafunsa chimene chinali mumtima mwa wolemba.

Mu Julayi 1979 ASRS inayamba kutulutsa kanyuzipepala ka mwezi ndi mwezi kotchedwa CALLBACK, dzina lochokera ku mwambo uja woimbira foni wolemba. Mkonzi wake woyamba anali Kaputeni Rex Hardy. Kanali kachidule, kodzaza ndi mawu enieni a oyendetsa ndi owongolera akufotokoza momwe anapunthwira, popanda ulaliki wambiri. Woyendetsa wa ndege yaing'ono ya injini imodzi ankawerengamo kaputeni wa Boeing 747 akuvomereza kuti anatenga chilolezo cha ndege ina, ndipo ankazindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kupatula kanyuzipepalaka, pakafika lipoti losonyeza ngozi yoti singadikire, monga mapu olakwika, magetsi osokoneza pa bwalo kapena mayina awiri a malo omveka mofanana, ASRS imatumiza chenjezo kwa amene angathe kukonza: FAA, oyang'anira bwalo, opanga ndege.

Makalata atachuluka, anayamba kuonetsa chinthu chimene kalata imodzi singaonetse. Mu 1981 Billings ndi mnzake Ed Cheaney anatulutsa kafukufuku wa malipoti 28,000 a zaka zisanu zoyambirira, ndipo anapeza kuti oposa 70 pa 100 alionse ankakhudza uthenga umene sunafike bwino: sunanenedwe konse, unanenedwa mochedwa, unanenedwa mosakwanira, kapena unamveka mosiyana ndi momwe unanenedwera. Zimene zinachitika pa Mount Weather sizinali tsoka la tsiku limodzi. Anali matenda a dongosolo lonse, ndipo mbali yaikulu ya matendawo inali pa wailesi.

Tiganizire momwe wailesiyo imagwirira ntchito ndege zikamayandikira bwalo lotanganidwa. Ndege zonse za m'chigawo chimodzi zimamvera pa tchanelo chimodzi, ndipo amalankhula mmodzi pa nthawi. Awiri akadina batani nthawi imodzi, ena onse amangomva kulira kwa phokoso, pamene olankhulawo sadziwa n'komwe kuti mawu awo sanafike. Wowongolera amatchula dzina la ulendo, kenaka malangizo: tsikani kufika pakuti, tembenukirani kwakuti, chepetsani liwiro. Woyendetsa amabwereza zimene wamva, ndipo wowongolera amayenera kumvetsera kubwerezako n'kukonza ngati kwalakwika. Pakuoneka ngati palibe podutsira cholakwa. Koma Kaputeni William Monan, amene anagwira ntchito ku Pan Am asanalowe ASRS, atawerenga malipoti ambirimbiri anaonetsa kuti mpanda umenewu umagwa pa gawo lomaliza. Wowongolera akangomaliza kulankhula, maganizo ake amakhala atapita kale kwa ndege yotsatira, kapena akuyankha foni ya mnzake wa chigawo choyandikana. Woyendetsa amabwereza nambala yolakwika, sayankhidwa kanthu, ndipo amatenga chete ameneyo ngati chivomerezo. Monan analemba za vutoli pa dzina lakuti "hearback", limene likugwiritsidwabe ntchito m'maphunziro a oyendetsa ndi owongolera.

Malipoti anaonetsanso kuti khutu la munthu limamva zimene likuyembekezera. Woyendetsa amene wakhala akutera pa msewu wakumanzere ulendo uliwonse, tsiku limene auzidwe wakumanja amamvabe wakumanzere. Maulendo awiri a manambala oyandikana akakhala pa tchanelo chimodzi, wina amayankha chilolezo cha mnzake. Ndipo panapezeka manambala awiri amene ankasokoneza anthu kuposa ena onse: mafiti 10,000 ndi 11,000. Pa wailesi manambala amatchulidwa imodziimodzi, "one zero thousand" ndi "one one thousand", ndipo m'phokoso la m'chipinda cha oyendetsa, pa nthawi imene akuwerenganso mndandanda wa zoyenera kuchita asanatere, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Woyendetsa mmodzi zikamuchitikira amadziona ngati wogontha. Ndi pokhapokha nkhani zambiri zikaunjikidwa pamodzi pamene zimaoneka kuti vuto lili m'manambalawo. Lero wowongolera wa ku America amaloledwa kubwereza nambalayo mwa njira yachiwiri, "ten thousand" kapena "eleven thousand", kuti pasakhale kukayika.

Sikuti bungweli linathetsa ngozi zoterezi. Pa 19 Febuluwale 1989, Boeing 747 yonyamula katundu ya kampani ya ku America ya Flying Tiger inkayandikira Kuala Lumpur kuchokera ku Singapore. Wowongolera anaiuza kuti itsike "two four zero zero", kutanthauza mafiti 2,400. M'Chingerezi nambala 2 imamveka chimodzimodzi ndi kamawu kotanthauza "kufika pa", choncho oyendetsa anamva kuti atsike kufika pa 400. Anabwereza 400 yomweyo pa wailesi, ndipo palibe anawakonza. Anawomba phiri, anthu onse anayi n'kufera pomwepo. Chaka chotsatira, pa 25 Januwale 1990, ndege ya Avianca ulendo 52 yochokera ku Colombia inazungulira kupitirira ola lathunthu podikira kutera ku New York. Oyendetsa ananena kangapo kuti mafuta akutha ndipo anapempha kuti atsogozedwe, koma sanatchule mawu enieni amene wowongolera amayembekezera kuti asiye zonse, "emergency" kapena "mayday". Atalephera kutera ulendo woyamba, injini zinazima, ndegeyo n'kugwera ku Cove Neck. Pa anthu 158, anafa 73. Zonse ziwirizi zinali za mtundu umene mafailo a ku Moffett Field anali ataufotokoza kale.

Mayiko ena anatengera. Britain inayambitsa CHIRP mu 1982, ndipo Canada ndi Australia anatsatira m'zaka zomwezo. M'dziko la America lomwelo makampani a ndege anatsegula madongosolo awoawo ofanana nalo mogwirizana ndi FAA ndi mabungwe a antchito, owongolera nawo anapeza lawo mu 2008, ndipo njira yomweyi inayesedwa m'zipatala za asilikali opuma komanso pa njanji. ASRS yokha, imene pachiyambi inkalandira malipoti mazana ochepa pa mwezi, inadutsa miliyoni imodzi kalekale, ndipo mu 2019 mokha inalandira oposa 100,000. William Reynard, loya amene analinso woyendetsa ndege, anatsogolera bungweli kwa zaka zambiri pambuyo pa Billings, kenaka Linda Connell. Nkhokwe yake ya malipoti ili pa intaneti, yotsegukira aliyense.

Bungweli limachenjeza lokha kuti manambala ake sayenera kuwerengedwa ngati kalembera. Amalemba ndi amene wafuna, ndipo zimene walemba sizifufuzidwa ngati zoona monga zimachitikira pa ngozi. Malipoti 50 a vuto lina amangotanthauza kuti vutolo lachitika kosachepera ka 50. Kuti lachitika kangati kwenikweni, palibe anganene. Koma kufooka kwake kwakukulu kuli pa chinthu chomwe chija chinalipatsa moyo. ASRS singalamule munthu. Ikhoza kulemba chenjezo, kulitumiza, n'kufunsa ngati lafika. Kukonza n'kwa ena.

Usiku wa pa 29 Januwale 2025, ndege ya American Eagle ulendo 5342 yochokera ku Wichita, yonyamula anthu 64, inkatsikira ku msewu nambala 33 pa bwalo la Reagan National ku Washington. Helikopita ya asilikali ya mtundu wa Black Hawk, yokhala ndi anthu atatu, inkatsata mtsinje wa Potomac m'njira yake yololedwa yotchedwa Route 4, imene inkadutsa pansi penipeni pa potsikira ndege. Patatsala masekondi ochepa, wowongolera anauza helikopitayo kuti idutse kumbuyo kwa ndege. Wapampando wa NTSB, Jennifer Homendy, anadzafotokoza kuti mwina mawu akuti idutse kumbuyowo sanamveke m'helikopita, chifukwa batani la maikolofoni yake linadinidwa kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi pa mphindi yomweyo. Zinawombana pamwamba pa mtsinje, ndipo anthu onse 67 anafa.

Atolankhani atatsegula nkhokwe ya ASRS anapezamo malipoti a zaka zambiri mmbuyomo, oyendetsa akudandaula za mahelikopita odutsa pafupi kwambiri pa bwalo limenelo. NTSB nayo, poyang'ana zolembedwa zina, inawerenga maulendo 15,214 pakati pa Okutobala 2021 ndi Disembala 2024 pamene ndege ndi helikopita zinayandikana pamalopo, ndipo 85 mwa amenewa zinayandikana moopsa. Ulendo uno panalibe kalata yotsekeredwa m'failo ya kampani imodzi. Anthu analemba, ndipo zolembazo zinali poyera.

Ena akamva zimenezi amati ndiye bungweli lipatsidwe mano, lizitha kukakamiza. Ine ndikukana. Zinaoneka lonjezo la 1968 litachotsedwa, zinaonekanso mu 1975, kuti wolandira malipoti akangogwira chikwapu, makalata amasiya kubwera. Ndipo bungwe lokakamiza lingayambe kufunsidwa umboni, mayina ndi masiku, zinthu zimene ASRS imadula dala n'kubweza kwa eni ake. Mlandu wa pa Potomac suli pa amene anasonkhanitsa malipoti, uli pa amene anali ndi mphamvu yosuntha njira pa mapu koma sanaisunthe. Pa 11 Malichi 2025 NTSB inapempha FAA kuti ichitepo kanthu mwamsangamsanga, ndipo m'sabata yomweyo FAA inalengeza kuti yatsekeratu chigawo cha Route 4 pakati pa Hains Point ndi mlatho wa Wilson.